Mpira wa pa Chingwe

Pa gulu lathu la zisudzo ku Bangula ine sindinkaoneka pa siteji. Ntchito yanga inali ya kuseri: kukoka katani, kunyamula mabenchi, kusunga zovala m'thumba la feteleza, ndi kunong'oneza mawu kwa amene waiwala. Yomalizayi inkandivuta, chifukwa kuwerenga ndinakuphunzira ndili ndi ndevu kale. Pamene chala changa chinkafika pa mzere wofunikawo, wosewera ankakhala atapeka kale zake.

Amene anayambitsa gululo anali mphunzitsi wa ku pulayimale, yemweyo amene ankandiphunzitsa masana ana akaweruka. Ndi iwo amene ananditengera ku zisudzo. Enawo sanakondwe nazo, ndipo chifukwa chake ndinkachidziwa. Zaka za m'mbuyomo ndinali mmodzi wa anyamata a malaya ofiira amene ankaima pa chipata cha msika kufunsa makhadi a chipani. Malayawo ndinali nditawavula kale, koma Bangula ndi malo ochepa. Ndikafika pamene anzanga akucheza, nkhani inkasanduka ya mvula ndi ya mbozi za m'thonje. Ine ndinkangofuna kuti tsiku lina andipatse kanthu kofunika kogwira, iwo n'kutembenuka osayang'ana chimene manja anga akuchita.

Sewero la chaka chimenecho analemba aphunzitsi okha, ndipo linali la mpira. Goloboyi wa timu ya m'mudzi asiya kupita ku pulakatisi chifukwa sing'anga wam'patsa chithumwa chokwirira pa golo. Tsiku lolimbirana chikho lifika, penate imenyedwa, mpira ulowa. Mudzi wonse um'tembenukira, sing'anga apirikitsidwa, ndipo pomaliza mayi ake a goloboyi am'landira akulira. Aphunzitsi ankadana ndi za mankhwala pa mpira. Ana a kusukulu kwawo ankalumpha mpanda m'malo molowera pa chipata cha bwalo, ati adani atsirika, ndipo zimenezi zinkawapweteka mutu. Mbali ya sing'anga anaitenga okha, kuvala mikanda ndi kunyamula nsupa, kuti am'nyoze bwino.

Theka lonse lachiwiri la sewero linkadalira chigoli chimenecho. Vuto linali loti amene tinam'patsa ugoloboyi anali goloboyi weniweni, msodzi wa ku dambo amene Lamlungu lililonse ankagwirira timu ya kwawo. Womenya penate anali telala wa pakhonde la sitolo ina. Tinkayeserera pansi pa mitengo ya nimu kuseri kwa sukulu, golo lake nsungwi ziwiri, ndipo masabata oyamba onse mpira sunalowe.

"Mwagwiranso," aphunzitsi ankatero.

"Pepani aphunzitsi, manja apita okha."

"Manjawo ndi anu kapena ndi obwereka?"

"Komanso atelalawa akumenya ngati akupatsira mwana mbatata. Umenewu ndiuphonye bwanji? Anthu adzati ndadwala malungo."

"Iwe, phazi ili limapalasa makina tsiku lonse," atelala ankayankha. "Likamafika kuno limakhala litaweruka."

Mbali ya mayi a goloboyi anaitenga mayi wina wogulitsa nsomba zouma. Makolo awo anachokera kutsidya kwa malire, ndipo akakwiya Chisena chinkatsogola. Iwo ankayamba kulira akangomva phazi lagunda mpira, kenako n'kupeza mwana wawo waukumbatira pachifuwa akumwetulira.

"Nkhabe, ine lero sindiliranso," ankatero akukhala pansi. "Misozi si madzi a pa mjigo. Ulowe kaye mpirawo, mukandiitane ku msika."

Pamapeto pake goloboyi anapeza njira yake. Ankatsinzina, n'kudziponya kumanzere atelala asanamenye, ndipo atelala ankamenya kumanja. Ankadzuka nkhope ili gwa ngati wina wam'tukwanira amake, koma mpira unkalowa.

Kenako anatiitana kukasewera ku boma ku Nsanje, m'holo, Loweruka masana, akuluakulu a boma ndi a chipani alipo. Sitinali titaseweramo m'nyumba ya denga la malata chiyambire. Tinakwera sitima Lachisanu, nsungwi zathu zili pansi pa mipando, kutentha kuli kwa mwezi umene ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Titafika, mlonda wa holo anatitsegulira kuti tione siteji.

Tinalowa tikuseka, koma kuseka kunathera pakhomo. Pa khoma la kumbuyo kwa siteji, pakati penipeni, panali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, chachikulu, chili m'galasi. Zithunzi zotere zinali paliponse masiku amenewo, m'sitolo, m'ofesi, m'kalasi, moti maso anali atazolowera kusaziona. Koma ichi chinali pamwamba penipeni pa malo okhawo amene golo likanaima.

Tinayesa kuganiza zoika golo m'mbali. Mbali zonse ziwiri kunali mawindo agalasi, komanso siteji inali yopapatiza, goloboyi akanadziponyera pansi pa anthu. Kutembenuza kuti atelala amenye cholozera kwa oonerera kunali kulozetsa mpira pa mipando ya kutsogolo, pamene pakhale atcheyamani a chipani ndi akazi awo.

Goloboyi, poti anali munthu wa ku dambo wosazolowera za ku boma, anafunsa mlonda uja. "Bambo, kodi chijachi sichingasunthe pang'ono, mawa lokha?"

Mlonda anayang'ana kukhomo, kenako anayang'ana iye. "Sindinamve bwino. Nenaninso, kuti akadzandifunsa ndidzanene zolondola."

"Sananene kanthu," aphunzitsi anatero msanga. "Dzuwa lam'lowa m'mutu."

Zophimba ndi nsalu palibe anazitchula n'komwe. Atelala anati tingosewera opanda mpira, amenye mphepo, goloboyi adziponye, woimbira aimbe wezulo.

"Anthu a kuno muwaonetse mpira wopanda mpira?" aphunzitsi anafunsa. "Adzatifunsa ngati taugulitsa. Ndiye chigoli chimene sanachione adzachikhulupirira bwanji? Sewero lonse laima pa chigolicho."

"Nanga phazi likaterereka?" atelala anatero. "Mpira ukakwera m'mwamba?"

Ndinaona maso akubwera kwa ine mmodzimmodzi n'kuchokanso. Ankadziwa kuti yankho ndinali nalo. Ndinaonapo mwini golosale akukwezedwa m'galimoto chifukwa chithunzi chake chinapachikidwa m'munsi mwa kalendala, ndipo tsiku limenelo sindinali m'gulu la oonerera. Galasi losweka ndi mpira, pamaso pa holo yodzaza, silikanathera pa kupepesa. Woyamba kutengedwa akanakhala wolemba sewero.

Pamenepo ndi pamene ndinalankhula. Ndinati mpirawo tiumange chingwe. Mpira wathu unali wachikopa, wakale, wa zingwe pakamwa, ndiye pomangirira panalipo. Ndinati tipeze twaini wosokera ukonde, tim'detse ndi makala kuti asaoneke, mbali ina timange ku mpira, ina ku msomali wa pa felemu ya chitseko cha m'mbali, kumbuyo kwa womenya. Chingwe chikhale chotalika moti mpira udutse nsungwi, koma chisafike kukhoma.

"Mpira wa pa chingwe ngati mbuzi," mayi aja anatero.

"Mbuzi ya pa chingwe siidya mapira a eni," atelala anayankha. "Tiyeni tiyese."

Twaini ndinakam'pempha kwa asodzi kudooko. Msomali ndinakhoma ndekha, mlonda atatembenukira kwina. Nsungwi tinaziimika patsogolo pa khoma, kusiya mpata, ndipo ndinayeza mosamala kuposa chilichonse chimene ndinayezapo. Ndinakoka chingwe mpaka kulimba, ndinakweza mpira m'mwamba ndi m'mbali, kuona paliponse pamene ungafike. Ndinasiyanso malo a kutamuka kwa twaini, poti amatamuka akakokedwa mwamphamvu. Atelala anamenya, mpira unalowa n'kugwera kuseri kwa nsungwi. Anamenyanso, chimodzimodzi. Kenako tinauza goloboyi, amene anali ndi phazi lenileni, kuti amenye m'mwamba ndi mphamvu zake zonse. Anakana kaye, koma anamenya. Mpira unaima patali mkono wathunthu ndi galasi, n'kugwa.

Aphunzitsi anapuma mpweya wautali. "Akulu, mwatipulumutsa," anatero. Anatenga lezala nadula chingwe chotsala pa msomali, kuti wina asadzachitalikitse mwangozi. Anati za mpira ndi chingwe zonse zili m'manja mwanga. Ndinamasula ku msomali, ndinachikulunga bwinobwino, ndinachiika pamodzi ndi mpira m'thumba la zovala. Tinagona m'kalasi ya sukulu ina pafupi, thumba lili pakona. Ndinadzuka m'mawa wake ndili wopepuka. Ndinathandiza mayi aja kutunga madzi, ndipo anandiuza kuti takhuta, zikomo wa m'Chisena, mawu amene anali asanandiuzepo.

M'mawa wonsewo anthu ankapita ku thumba lija, wina kukatenga jezi, wina mpango, wina mikanda. Sindinaganizepo kanthu.

Holo inadzaza mpaka m'mawindo. Malata ankathetheka ndi dzuwa. Theka loyamba linayenda bwino kuposa masiku onse. Aphunzitsi atatuluka ndi nsupa yawo, akubwebweta ndi kuyetsemula, anthu anaseka mpaka atcheyamani anavula magalasi kupukuta m'maso. Nditatseka katani kukonzekera za penate, ndinamanga chingwe ku msomali pa malo ake enieni, ndinaika mpira pamene ndinalemba ndi choko, mulu wa chingwe uli pambali pake. Kuseriko kunali mdima ndipo anthu anali atayamba kale kuimba mluzu. Sindinachitambasule.

Ndinatsegula katani. Woimbira, amene anali kalaliki wa pa depoti ya thonje, anaimba wezulo. Goloboyi anatsinzina nadziponya kumanzere. Atelala anamenya kumanja, bwino lomwe.

Mpira unauluka, ndipo usanafike pa nsungwi unaima m'malere ngati wagunda khoma losaoneka. Unagwa pansi n'kugubuduka kubwerera kwa atelala.

M'holo munati zii. Kenako mawu a munthu wamkulu anamveka kumbuyo: "Mankhwala agwira." Holo yonse inaphulika. A kutsogolo mwina anachiona chingwe, koma a kumbuyo ndi a m'mawindo sanaone kanthu, ndipo ndi iwo amene anali ambiri.

Mayi aja anali atalowa kale pa siteji, poti ankayamba akangomva phazi lagunda mpira. Manja ali kumutu, ankalira kuti mwana wawo wachititsa manyazi mudzi, wagulitsa timu chifukwa cha chithumwa.

"Mayi, tsegulani maso," wina anakuwa. "Sunalowe."

Kalaliki uja anaganiza msanga. Anaimba wezulo nati goloboyi wasuntha mpira usanamenyedwe, penate ibwerezedwe. Anthu anam'kuwiza ngati ali ku bwalo lenileni, ena kum'funsa kuti wadya zingati. Pamene iye ankakangana nawo, ine ndinagwada kuseri kwa katani n'kuyamba kukoka chingwe, chikudutsa m'zala zanga. Ndinapeza mfundo. Wina anali atapinda chingwe n'kumanga, kuchifupikitsa ngati chikhatho chimodzi. Ndinapitiriza, ndinapeza ina. Kenako ina, kenako inanso. Kumenya kuja kunali kutazilimbitsa ngati mwala. Ndinayesa ndi zikhadabo, ndinayesa ndi mano. Twaini akalimba samva zimenezo. Chotalikitsira panalibe, lezala inali itadula dzulo. Kumasula ku msomali kunali kusiya mpira upite kumene ukufuna, pansi pa galasi lija, ndipo zimenezo sindikanachita.

Atelala anamenya kachiwiri. Mpira unaimanso pamalo pomwe paja. Ulendo uno goloboyi, amene masabata onse aja ankakana kugoletsedwa, anaudumphira, naukumbatira, nayesa kugwa nawo chagada kuti alowe nawo m'golo. Chingwe chinakana. Anakhala pansi akukokana ndi mpira, ndipo kwa oonerera zinaoneka ngati mpirawo ukuopa golo. Anyamata a m'mawindo anayamba kuimba nyimbo za ku bwalo. Apa m'pamene anthu a m'mudzi a m'sewero ankayenera kutulutsa sing'anga n'kum'pirikitsa. Anam'tulutsadi, poti china chochita sankachidziwa, koma holo itangoona mikanda ndi nsupa inaimirira kuwomba m'manja. Aphunzitsi anaima pakati pa siteji thukuta likutsika m'mikanda. Anayang'ana kwa ine nagwedeza dzanja kuti nditseke. Ndinatseka katani, theka lachiwiri lonse lisanaseweredwe.

Kuseri kwa katani anandifikira asanavule n'komwe.

"Munayeza bwanji?"

"Munalipo, aphunzitsi."

"Ndikufunsa kuti lero mwamanga bwanji. Masabata onse aja, sitima, anthu onsewa. Chinthu chimodzi chokha ndinakupatsani."

Ndinadula chingwe ku msomali n'kuchiyala pa benchi, mfundo zinayi zili poyera. Kunja anthu ankatulukabe akuimba.

Atelala ndiwo anayamba. "Imodzi ndi yanga. Phazi ndi langa, akanayamba ndi mwini phazi. Ndinangochotsa pang'ono, ndimati sizidziwika."

"Inenso pang'ono," goloboyi anatero akuyang'ana pansi. "Ndimati ndine ndekha."

"Iyi ya apa ndi yanga," mayi aja anatero, akuloza ndi chala osachita manyazi. "Ndili ndi ana ine."

Inatsala imodzi, yomangidwa mokhotakhota, ya munthu wosazolowera zingwe. Kalaliki anati iye thumbalo sanaliyandikire. Aphunzitsi anayamba kuvula mikanda mmodzimmodzi, kuiika m'thumba mosamala ngati ingasweke.

"Koma munaona nonse dzulo," ndinatero. "Goloboyi anamenya ndi mphamvu zake zonse. Panatsala mkono wathunthu. Munaona ndi maso anu."

"Tinaona dzulo," mayi aja anatero. "Nanga lero? Chingwe chinagona ndi ndani? Womanga ku msomali ndani?"

"Mukutanthauza kuti ndikanachitalikitsa? Kuti aphunzitsi atengedwe?"

"Sindikutanthauza kanthu, bambo. Ine dengu langa la nsomba linatayidwapo pa chipata cha msika chifukwa khadi ndinaiwala kunyumba. Ndinatola nsomba m'fumbi anyamata akuseka. Ngati munalipo kapena simunalipo, mukudziwa ndinu."

Sindinkadziwa. Madengu anali ambiri zaka zimenezo, ndipo nkhope za eni ake sitinkaziyang'ana.

"Zakwana," aphunzitsi anatero. "Tolerani katundu."

Kunja kunali kovuta kudutsa. Anthu ankafuna kugwira goloboyi dzanja. Atcheyamani anatuma munthu kudzanena kuti sewero linali labwino koma lalifupi. Mkulu wina wa timu ya ku Malemia anakokera aphunzitsi pambali, chipewa chili m'manja, kufunsa ngati angapezeke Lamlungu linalo, poti anali ndi masewero ovuta. Aphunzitsi anam'fotokozera kuti iwo ndi mphunzitsi, nsupayo ndi chikho chomwera madzi chopakidwa mwaye, ndipo mpira unali pa chingwe. Mkuluyo anagwedeza mutu mwaulemu nati akumvetsa, zinthu zotere sizinenedwa pagulu, adzawapeza kunyumba.

Sitima yobwerera inali ya m'mawa wake. Ndinadzuka molawirira, ndinabwereka singano yaikulu kwa atelala, ndipo ndinakhala pakhonde la kalasi kumasula mfundo zija imodzi ndi imodzi. Zinanditengera nthawi, chala chinatuluka magazi. Zitatha ndinapita ku holo. Mlonda anali akusesa makoko a mtedza ndipo anandilola kulowa. Nsungwi zinali zikadali pa siteji. Ndinamanga chingwe ku msomali uja, pamene ndinadula ndinalumikiza osataya ngakhale kachidutswa, ndinaika mpira pa choko. Ine si wampira, koma ndinamenya. Unadutsa nsungwi n'kugwera kuseri, kutali ndi khoma. Ndinamenyanso m'mwamba. Unaima pomwe unaima Lachisanu. Mlonda sanadzutse mutu pa tsache lake.

Ndinathamangira kusukulu kuja. Ndinapeza aphunzitsi akumanga thumba, enawo atatsogola kale ku siteshoni.

"Aphunzitsi, tiyeni mukaone. Ndamasula zonse. Ukulowa bwinobwino."

"Ndikudziwa kuti ukulowa, akulu."

"Mukaone ndi maso. Si patali. Muitanenso enawo."

Anamaliza kumanga thumba, analikweza paphewa, ndipo anandiyang'ana kanthawi. Ndinkadikira kuti anene za mfundo yachinayi ija, ngakhale mawu amodzi.

"Muyeso wanu unalibe vuto," anatero. "Katengeni nsungwi, sitima itisiya."

Ndinabwerera ku holo ndekha, ndinazula msomali wanga, ndinanyamula nsungwi ndi mpira. M'sitima ndinakhala pafupi ndi chitseko, katundu ali pakati pa miyendo. Anzanga anakhala mbali ina, ndipo ndinkawamva akuseka za goloboyi akukokana ndi mpira. Titayandikira Bangula atelala anabwera kudzafunsa singano yawo, ndinawapatsa. Sewero lija aphunzitsi sanafunenso kulimva. Chaka chotsatira analemba lina, la ukhondo wa pa zitsime, lopanda chomenya kapena choponya, ndipo ine anandibwezera ku katani.